Abambo Atopa

Kumpoto kwa dziko la Portugal,
6 Okutobala.

Okondedwa achemwali anga a Fyness,

Ndiyambe ndi moni, monga anatilelera. Kodi mukudzuka bwanji ku Chilekako, inu ndi alamu anga a Dan ndi mwana wathu Princess? Nanga amayi ku Lirangwe, mwendo uja ukuwalola kufika kudimba? Ine kuno thupi lili bwino. Zinazo muzimva m'munsimu.

Uthenga wa maliro unandipeza Lachinayi pa 14 Ogasiti, nthawi itangopitirira faifi koloko madzulo. Tinali titangomaliza tsiku lachisanu ndi chiwiri la mpikisano wa njinga wa masiku khumi uja. Ndinakhala pakhomo pa basi ya timu yathu, nsapato ndisanavule, thukuta litauma kumaso ngati mchere, ndikumwa madzi a shuga. Mayi amene amatisungira mafoni tikakhala pamsewu anabwera ndi thumba lake n'kumagawa. Yanga itayaka ndinaona kuti mwaimba kasanu ndi kawiri, ndipo pansi pake panali mawu anu akuti abambo atisiya m'mawa uno. Ndinawerenga, ndinaiika pansi, n'kupitiriza kumwa madzi aja mpaka botolo linatha. Kenako ndinavula nsapato imodzi. Inayo anadzandivula ndi mnzanga wina, atagwada, osandifunsa kanthu.

Kalatayi ndalemba papepala chifukwa pafoni ndinasiya kudzikhulupirira. Akubweretserani ndi a Zaituni, anamwino a ku Lunzu amene amaphunzira kuno ndipo akubwerera kumudzi sabata yamawa. Ndawauza kuti akatsika ndege afunse pa golosale ya alamu.

Ndili ndi pempho limodzi, koma ndilisiya kumapeto. Poyamba ndikufuna mudziwe chaka chimene ndakhala nacho, chifukwa chaka chonsechi ndakhala ndikukutumizirani zithunzi zomwetulira basi.

Kwathuko mumanditcha katswiri, ndipo si bodza. Ndinapambana mpikisano wa dziko lathu kawiri, n'chifukwa chake kuno ndimavala malaya a mtundu wa mbendera pamene anzanga amavala a timu. Koma mpikisano wa kwathu mumaudziwa: timanyamuka anthu makumi atatu, pofika pa Lunzu tatsala asanu ndi awiri, pofika pa Lirangwe abambo atatseka kale ntchito yawo yokonza njinga, ataima pamsewu ndi chipewa m'manja, tatsala atatu. Kuno timanyamuka anthu zana limodzi ndi makumi asanu ndi awiri, pa kamsewu kopapatiza ngati njira ya kutchalitchi kwa Chigaru, zigongono zikugundana, ndipo aliyense mwa iwo ndi katswiri wa kwinakwake.

Chaka chino ndinafika mochedwa, kumapeto kwa Febuluwale, chifukwa mapepala anga anachedwa kutuluka. Anzanga anali atakonzekera limodzi mwezi wathunthu. Patangopita masiku atatu anandiika mumpikisano, mvula ikugwa yozizira moti zala zinakana kugwira mabuleki. Sindinamalize. Wachiwiri ndinamaliza, koma anthu anali atayamba kale kuchotsa mipanda.

M'mwezi wa Malichi ndinakuuzani kuti ndapalika pang'ono. Sikunali kupalika. Tinagwa anthu khumi ndi awiri potsetsereka, pamsewu wonyowa, ndipo ine ndinathyoka fupa la paphewa. Anandiika kachitsulo ndi misomali isanu ndi umodzi, kalipobe mpaka lero, kukazizira kamandiuza. Abambo sindinawapusitse. Ataona chithunzi chimene ndinakutumizirani anafunsa kuti chiyambire liti a Wilkins kudya ndi dzanja lamanzere. Ndinaseka, iwonso anaseka, ndipo tonse tinazisiyira pomwepo. Ndi mmene timakhalira pakhomo pathu, achemwali. Aliyense amabisira mnzake chomupweteka, n'kumati ndi chikondi.

Nditachira, malo anga mutimu anali atasintha. Ntchito imene anandipatsa ndi iyi: mpikisano uli mkati ndimabwerera kumbuyo kukapeza galimoto ya timu, ndimalonga mabotolo a madzi asanu ndi atatu m'malaya, kutsogolo ndi kumsana, ndiyeno ndimapalasa kupyola gulu lonse kukagawira anzanga. Ndikamaliza ndimakhala patsogolo pa mtsogoleri wathu, wopalasa amene timu imadalira kuti apambane, kuti mphepo imenye ine, iye asunge mphamvu. Pofika pa phiri lomaliza ine ndimakhala nditatha, iye n'kumapita. Si ntchito yonyozeka kuno, ndipo imafuna miyendo. Koma malaya a mbendera aja, amene amayi anawachapa okha ndi manja ndisananyamuke, chaka chino akhala thumba la madzi.

Nditawafotokozera abambo zimenezi, anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndiye kuti ndinakwera ndege pa Chileka, anthu kundiperekeza ndi nyimbo, kupita Ulaya kukayamba kabaza wa madzi. Anati azimayi a pa Lirangwe amasenza chigubu chathunthu pamutu, mwana kumsana, koma palibe amawajambula. Tsiku lomwelo ndinawauzanso zimene anzanga anandiuza za dzina lathu, kuti Alufandika m'chiyankhulo cha kuno likufanana ndi mawu otanthauza ofesi ya pachipata pamene amasechera katundu. Iwo anati mwina agogo awo pochokera ku Mozambique anafunsidwa dzina pachipata, iwo n'kungotchula zimene anamva anthu akunena. Anati ndifufuze bwino, tidzakambirane ndikabwera. Kutsokomola kuja ndinakumva. Ndinaganiza kuti ndi kuseka.

M'mwezi wa Juni zinandituluka zithupsa pokhalira, zoti kukhala pachishalo maola asanu kunali ngati kukhalira makala. M'mwezi wa Julaye m'mimba. Kuno pambuyo pa mpikisano uliwonse pamabwera galimoto imene amaitcha tsache, yosesa otsalira. Ukatsalira kwambiri imaima, munthu amatsika, amakumatula nambala kumsana, njinga n'kuikweza pamwamba. Chaka chino, Ogasiti asanafike, ndinali nditaseseredwa kanayi. Mkulu wa timu, munthu wosakonda kukalipa, anandiitana n'kundiuza poyera kuti mpikisano wa Ogasiti ndi umene uweruze ngati ndikhale nawo chaka chamawa.

Tsopano pali chinthu china chimene muyenera kuchimvetsa, osati kuti chindiyeretse, koma kuti mudziwe mmene mutu wanga unalili. Mutimu muno m'mawa uliwonse, tisanadye, adokotala amatifunsa funso limodzi: watopa bwanji lero, kuyambira pa wani kufika pa teni. Timayankha ndi nambala, iwo n'kulemba. Patebulo nkhani ndi yomweyo, m'basi yomweyo, pogona yomweyo. Kutopa kuno ndi ngati nyengo, aliyense ali nako, ndipo mankhwala ake ndi odziwika: gona, idya, imwa madzi, mawa udzuka. Zaka zinayi ndakhala ndikumva mawu amenewa tsiku ndi tsiku, m'ziyankhulo zitatu, ndipo sanatanthauzepo china.

Lachiwiri pa 12 linali tsiku la mapiri, tsiku limene ndinalidikira chaka chonse. M'mawa, tikupita koyambira, foni yanga inalira. Munalemba mawu awiri: "Abambo atopa."

Sindinadziwe kuti anagonekedwa kuchipatala ku Blantyre masabata awiri, ndiponso kuti madokotala anali atakuuzani kuti muwatengere kunyumba. Ndamva tsopano kuti abambo anakuletsani nonse kundiuza, akuti mwana ali pa ntchito, asasokonezedwe. Ndiye inu munaswa lamulo lawo, achemwali, ndipo munaliswa mwaulemu, ndi mawu amene munthu aliyense wa kwathu amawamva. Simukanalemba kuti akumwalira. Munthu akadali ndi mpweya sitinena choncho.

Mawuwo ndimawadziwa. Ndili Fomu 3, tsiku lina ndikuthandiza abambo pa ntchito, kunabwera munthu wa ku Mdeka pa njinga. Anatsika, anavula chipewa, n'kunena kuti achimwene awo a abambo atopa. Abambo anali pakati pomanga masipoko a njinga ya mwini wake, mwini wakeyo ataima pomwepo. Anaika sipanala pansi, anapukuta manja, ananditumiza kukauza amayi, iwo n'kunyamuka. Sanafunse funso ngakhale limodzi. Mwini njingayo sanadandaule, anangosenza gudumu lake n'kumapita. Ndinaziona ndi maso angawa.

Koma Lachiwiri lija, m'basi, ndikumanga nambala kumsana, ndinawerenga mawu anu ndi mutu wa kuno. Ndinaona abambo atawerama pa njinga za anthu kuyambira m'mawa, dzuwa likuwaotcha, osafuna kupuma monga mwa chizolowezi chawo. Ndipo ndinakuyankhani. Ndikulemba pano monga momwe ndinalembera, chifukwa zikadali pafoni yanga: "Auzeni apume masiku awiri, asagwire ntchito, amwe madzi ambiri. Inenso kuno ndatopa kkk."

Madzulo ake ndinaona kuti munaimba kawiri. Ndinali nditagona patebulo akundisisita miyendo. Tsikulo ndinali nditakwera bwino, kwa nthawi yoyamba chaka chonse, ndinaperekeza mtsogoleri wathu mpaka pafupi ndi nsonga ya phiri lomaliza, ndipo mkulu wa timu anandigwira paphewa. Ndinali wokondwa. Ndinati ndidzaimba Lamlungu, mpikisano ukatha, ndidzawauze abambo nkhani yabwino yathunthu. Lachitatu simunaimbenso. Ndikuganiza kuti munali mutamva yankho langa.

Anzanga kuno amanditcha aphunzitsi chifukwa m'chikwama mwanga mumakhala mabuku ambiri kuposa zovala. Ndili ndi kope limene ndimalembamo mawu achilendo ndi matanthauzo ake, latsala pang'ono kudzaza. Ndimatha kusiyanitsa mawu anayi amene anthu a kuno amatchulira mvula. Koma mawu awiri a chiyankhulo chimene ndinayamwa anandidutsa. M'mabuku amene ndawerenga, munthu akataya bambo ake ali kutali, mlembi amamupatsa chifukwa: nkhondo, ndende, kalata yosochera. Ndakhala ndikufunafuna chifukwa changa masabata asanu ndi awiri. Uthenga unafika, foni inali m'manja mwanga, ndipo abambo tsiku limenelo ankayankhula.

Lachinayi lija mkulu wa timu atamva, anati andiperekeza yekha kubwalo la ndege. Tinayang'ana maulendo onse. Ndege yokhala ndi malo inali yofika pa Chileka Lamlungu masana, ndipo mwambo woika unali Loweruka ku Mdeka. Ndikanatha kubwerabe, kudzakhala nanu pa siwa masiku otsatirawo. Sindinabwere. Anthu ndinawauza kuti abambo akanakonda kuti ndimalize mpikisano. Zoona zake n'zakuti ndinaopa maso anu.

Ndipo sindinamalize. Lachisanu ndinapalasa makilomita makumi asanu ndi limodzi, miyendo ili bwinobwino, kenako ndinangozindikira kuti ndasiya kutchova. Gulu linapita. Magalimoto anandidutsa imodziimodzi mpaka tsache linafika. Loweruka, nthawi imene munkatsitsa bokosi, ndinali m'chipinda cha hotela ndikuchapa masokosi m'beseni. Alamu ananditumizira kanema wamfupi. Munkaoneka fumbi ndi misana ya anthu, koma ndinamva amayi a Mvano akuimba, ndipo pakati pawo ndinazindikira mawu a amayi.

Zonsezi ndikanapitiriza kukhala nazo ndekha, n'kumati ndi chilango changa. Koma sabata yatha alamu a Dan anandiimbira, inu muli ku kwaya. Musawakwiyire. Anayamba ndi nkhani za mpira ndi mtengo wa feteleza, ine n'kumva kuti pali china, ndipo ndinawaumiriza mpaka ananena.

Anandiuza kuti tsiku lometa, anthu atakhala pabwalo, azakhali a Getrude anaimirira n'kufunsa kuti mwana wamwamuna wa malemu ali kuti. Akuti anati Wilkins amene iwo amamudziwa akanamva kuti bambo ake atopa akanabwera ngakhale pa njinga yakeyo, kuwoloka nyanja. Akuti anakulozani inu n'kunena kuti anthu a ku Chileka anazolowera kuona ndege zikunyamuka, ndiye amaganiza kuti uthenga umauluka wokha. Anati foni yanu yaikuluyo ntchito yake ndi kujambula makeke a pa ukwati basi. Ena anaseka, akuti, kenako anachita manyazi. Inu munangoweramitsa mutu.

Anandiuzanso kuti madzulo ake amayi anakuitanirani kuseri kwa nkhokwe n'kukufunsani ngati munandiuza. Ndipo inu munayankha kuti munayesa Lachitatu, koma netiweki inavuta, uthenga sunapite. Munasankha kuoneka wochedwa ndi wosasamala kusiyana n'kuti amayi aone zimene ndinalemba.

Kuyambira pamenepo, akuti, amayi anabweza shuga ndi sopo zimene munawatumizira, n'kuuza wa kabaza kuti wasochera khomo. Mutapita kukawathandiza kumenya nandolo anakuuzani kuti manja alipo okwanira, inu n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, n'kukwera minibasi kubwerera. Princess anafunsa bambo ake chifukwa chake agogo amapatsa moni iye yekha. Miyezi iwiri yatsala pang'ono kukwana. Pa ana awiri amene amayi ali nawo, amene anagona pansi kuchipatala masabata awiri, amene anatembenuza abambo ndi kuwasambitsa, ndi amene sakulandiridwa pakhomo. Amene anaseka pafoni ndi amene chithunzi chake chili pakhoma.

Alamu sanandinyengerere. Anati alamu, mpikisano wanu unatha, koma wa kuno sunathe, ndipo amene akukwera phiri ndi mkazi wanga, popanda womubweretsera madzi. Kenako anati mayunitsi akutha, n'kudula.

Asanadule anandiuza chinthu china, chimene sindikudziwa pochiika. Akuti Lachiwiri lija masana, amayi atapita kumjigo, m'chipinda munali inu, iwo ndi abambo. Abambo anali atazindikira kuti mwandilembera, ndipo anafunsa kuti mnyamatayo wati chiyani. Inu munazengereza, iwo anaumirira, ndipo munawawerengera zonse. Akuti anatseka maso n'kumwetulira, n'kunena kuti tabweretsani kapu, adokotala a ku Ulaya alamula. Ndipo anamwa, pang'ono, inu mutawagwira mutu. Kenako anati musiyeni, ali pa ntchito. Masiku ena ndimati anandikhululukira pomwepo. Masiku ena ndimati anamva kuti mwana wawo salinso wa kwathu, ndipo anabisa kuwawa kwake monga ankachitira nthawi zonse. Palibenso woti ndimufunse.

Za ntchito ndimalize mwachidule. M'mwezi wa Seputembala ndinayamba mipikisano itatu, ndinamaliza umodzi. Lachisanu lapitali mkulu wa timu anandiitanira khofi n'kundiuza kuti chaka chamawa malo anga apereka kwa wina wa zaka makumi awiri. Ananena mwaulemu, ndipo sindikumuimba mlandu. Njinga si yanga, ndi ya timu. Ndinaibweza dzulo. Makaniko anaiyang'ana uku ndi uku, anamata kapepala pamene panali dzina langa, n'kuipachika pamodzi ndi zina. Munthu amene amandifunira matimu walembera asanu ndi atatu. Awiri ayankha kuti ayi, enawo ali chete. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pa masewera amenewa umenewo ndi ukalamba. Ndiye kuti Lachiwiri lija ndinasinthanitsa mawu otsiriza a abambo ndi tsiku limodzi labwino pa phiri, ndipo tsikulo silinandigulire kanthu.

Pempho langa ndi ili. Ndamva kuti pa 25 mwezi uno a kuchimuna abwera kuchokera ku Mdeka kudzawasudzula amayi, ndipo mbali zonse ziwiri zidzakhala pamodzi ku Lirangwe. Kalatayi mukaipereke kwa amalume a Noel, eni mbumba, kuti tsiku limenelo, nkhani zikuluzikulu zikatha, aiwerenge mokweza pamaso pa amayi ndi azakhali. Musaiwerenge inu. Ndimakudziwani, mudzadumpha mizere. Amalume awerenge yonse, ndipo akafika pa ma k atatu aja, poti sawerengeka, angonena kuti apa mwanayu anaseka. Foni yanu idzakhale pomwepo kuti ofuna kuona aone tsiku ndi nthawi.

Mwina mufunsa kuti bwanji osadikira ndibwere ndidzanene ndekha. Timu ikundimasula kumapeto kwa mwezi, ndiye pa 25 sindidzakhala nditafika, ndipo anthu akabalalika tsiku limenelo sadzakumananso onse mpaka pa chiliza. Mawu amene ananenedwa pabwalo ayenera kubwezedwa pabwalo. Chinanso n'chakuti ndikudzidziwa. Ndikadzaona nkhope ya amayi ndidzayamba kufewetsa, inu mudzandithandiza kufewetsako, ndipo tidzabwerera pa netiweki.

Ndikudziwa kuti mukhoza kuitentha kalatayi. Mudzati amayi ataya mwamuna, asatayenso mwana amene amanyadira. Ndaliganizira funso limenelo kwambiri, ndipo sindikutsimikiza kuti ndikulondola. Koma amayi panopa ataya kale mwana mmodzi, amene ali pamtunda wa minibasi imodzi, amene angawatengere kuchipatala mwendo ukatupa. Ine ngakhale atandikhululukira, sindinakhalepo wothandiza pakhomo kuyambira pamene ndinayamba kupalasa. Chonde, achemwali, musanditchinjirizenso mphepo.

Amalume, ngati mwafika pano, mawu otsatirawa ndi a amayi. Amayi, a Fyness anandiuza Lachiwiri m'mawa, abambo akadali moyo, ndipo anandiuza m'njira yoyenera. Anaimbanso kawiri. Wolakwa ndi ine, mwana wanu Wilkins. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Ndikupempha kuti mulandire shuga wa a Fyness.

Azakhali a Getrude, munalira mlongo wanu, ndipo munanena zimene munkakhulupirira. Munandiganizira zabwino kuposa mmene ndilili. Alamu a Dan musawatenge ngati akazitape, ndine ndinawakakamiza.

Moni kwa amayi, kaya aulandira kaya ayi. Moni kwa amalume a Noel ndi akazi awo, kwa azakhali ndi onse a ku Mdeka, kwa asuweni athu a Connie amene ndamva kuti ndiwo ankaphikira anthu pa maliro, ndi kwa a Yasin oyandikana nafe pamsika, amene akusunga zida za abambo kuti zisachite dzimbiri. Kwa alamu a Dan, zikomo chifukwa chosandinyengerera. Princess mumuuze kuti amalume ake analandira chithunzi chimene anajambula, ndipo njinga ya magudumu atatuyo ndi yabwino kuposa zonse zimene ndakwerapo.

Ndifika pa Chileka Lamlungu pa 9 Novembala, ndege ya masana. Ndili ndi sutikesi imodzi ndi katoni ya mabuku. Ndilibe timu, ndilibe njinga, ndipo sindikudziwa ngati ku Lirangwe ndikaloledwa kulowa m'nyumba. Manda sindikuwadziwa pamene ali, ndidzafunika wondilozera. Palibe amene akukakamizidwa kudzandichingamira.

Ndine mlongo wanu,
Wilkins Alufandika